Bandulo ndi Netiweki: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Dowa ndi Ntchisi

Mlimi wa ku Malomo kapena wophunzira wa ku Mvera akagula bandulo, amakhala atadzimana mchere ndi sopo. Choncho ayenera kudziwa mmene ndalama yakeyo imawerengedwera.

1. Kodi chimachitika n'chiyani ndikagula bandulo?

Mukalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, makina a mitundu iwiri amayamba kulankhulana. Oyamba ndi owerengera ndalama: amalemba ma MB amene mwagula ndi tsiku limene bandulo ithere. Achiwiri ndi oyendetsa netiweki: amakutsegulirani njira ndi kukupatsani liwiro. Mukayatsa data, oyendetsawo amapempha kagawo kochepa ka ma MB kwa owerengera. Kakatha amapemphanso, mpaka owerengera anene kuti palibe chatsala.

2. N'chifukwa chiyani makinawa ayenera kugwirizana?

Akasemphana, wina amaluza. Owerengera akachedwa kunena kuti mwalipira, mumakhala ndi bandulo koma intaneti osatseguka. Oyendetsa akalakwitsa kuzindikira zimene mukuchita, ma MB amadulidwa pamalo olakwika. Kampani yosamala makasitomala imaonetsetsa kuti zimene yagulitsa ndi zomwe zikufikadi pa foni.

3. Bwanji bandulo ya WhatsApp sitsegula YouTube?

Makina oyendetsa amaona komwe foni yanu ikulumikizana, n'kuuza owerengera bandulo yoti adule. Mnzanu akakutumizirani linki pa WhatsApp, inu n'kuidina, mwatuluka kale mu WhatsApp. Kuyambira pamenepo amadula bandulo ina ngati ilipo, apo ayi angathe kudula mayunitsi, ndipo mtengo wake umakhala wokwera. Foni nayonso imadya ma MB mwakachetechete pokonzanso mapulogalamu ake ndi kutsitsa yokha mavidiyo a m'magulu. Zimenezi mungazitseke nokha.

4. Bandulo ndili nayo, nanga bwanji intaneti imakwawa madzulo?

Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo umodzi pamudzi: madzi alipo, koma onse akabwera nthawi imodzi, mzere umatalika. Pa Mponela tsiku la msika, kapena ku Dzaleka komwe msasa wa anthu othawa kwawo unatsegulidwa mu 1994 ndipo anthu ndi othithikana, mafoni ambiri amalimbirana nsanja zomwezo. Pamenepo makina oyendetsa amagawa liwiro, n'kutsogoza mafoni oimba kuti mawu asaduke.

Mapiri nawo ali ndi mbali yake. Mudzi wa m'chigwa kuseri kwa phiri la Ntchisi sulandira mphamvu yofanana ndi wa pamtunda, ndipo foni imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G. Magetsi a ESCOM akazima nthawi yaitali, nsanja imadalira mabatire ndi jenereta. Kumbukiraninso kuti dziko lathu silinafike kunyanja yamchere: intaneti yathu yambiri imabwera pa zingwe zodzera ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo chingwe chikaduka kutaliko, ife kuno timamva ululu wake.

5. Kodi bandulo "yopanda malire" ilibedi malire?

Kawirikawiri malire alipo, kungoti ali pa liwiro. Mukafika mlingo wina, owerengera amadziwitsa oyendetsa, iwo n'kuchepetsa liwiro lanu. Kuteroko kumateteza ena ogwiritsa ntchito nsanja yomweyo, koma mlingowo uyenera kulembedwa poyera, m'chilankhulo chimene wogula akumva, asanatulutse ndalama yake.

6. Ndikaona kuti andidula molakwika, ndipite kuti?

Sungani uthenga wotsimikiza kuti munagula, ndipo lembani tsiku ndi nthawi. Yambirani kudandaula ku kampani yanu. Mukapanda kuthandizidwa, pitani ku MACRA, bungwe loyang'anira zamauthenga ndi zamtokoma lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Lamulo latsopano la 2016 linabweretsanso thumba la Universal Service Fund, lothandiza kufikitsa netiweki kumadera akumidzi.

Mawu omaliza

Kawirikawiri bandulo imatha pa tsiku lake, kaya netiweki inagwira kaya sinagwire. N'chifukwa chake wa kuseri kwa phiri amalipira chimodzimodzi ndi wa ku Lilongwe koma amapindula zochepa. Tikupempha makampani kuti awerengere mwachilungamo ndi kufotokoza momveka. Inunso owerenga, funsani musanagule, muziona ma MB otsala, ndipo mukalakwiridwa musakhale chete.