Phunziro la mwezi uno: Thirani madzi, musaviike manja



Mwera ukavuta, kapena nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka, anyamata athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amapachika makoka n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Amatsikira kudepoti ya ku Old Town, ndipo pakapita masiku ochepa timamva kuti apeza ganyu. Wina akusakaniza daka panyumba yosanja ku City Centre, wina akunyamula njerwa ku Area 43, wina akukumba maziko a mpanda ku Area 10. Ndalama zimene amatumiza ndi zomwe timagulira feteleza ndi kukonzera bwato. Tikamaimbirana foni timafunsa za malipiro, koma pali funso lina limene timaliiwala: kodi kuntchitoko umasamba pati m'manja?

Mmene zimakhalira pamalo omanga

Amene tidagwirako maganyu amenewa tikudziwa. Pamapuloti ambiri atsopano mpopi umakhala usanafike, ndiye madzi amasungidwa mumgolo. Mgolo womwewo ndi wotungamo madzi a simenti, wotsukiramo fosholo, komanso woviikamo manja. Chimbudzi chimakhala cha dzenje chotchinga ndi masaka pakona ya puloti, pena osakhalapo n'komwe. Ikakwana 12 koloko, mayi wogulitsa nsima amabwera ndi beseni limodzi la madzi, ndipo anthu khumi amasamba momwemo motsatizana. Womaliza amakhala akusamba litsiro la anzake asanu ndi anayi.

Kolera imakonda malo otere. Tizilombo take timatuluka ndi chimbudzi cha munthu, n'kulowa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Chovuta n'chakuti ambiri amene atenga tizilomboti sadwala, koma amatha kupatsira anzawo kwa masiku angapo. Amene wadwala kwambiri amatsegula m'mimba zamadzi ngati otsukira mpunga, ndipo akhoza kumwalira tsiku lomwelo akapanda kuthandizidwa.

Sitinaiwale mliri umene udayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Lilongwe ndi Mangochi adali m'gulu la maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa, ndipo mu Febuluwale boma lidakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona. Tikumbuke kuti omanga nyumba za ku Area 43 ndi Area 47 sagona komweko ayi. Madzulo amabwerera kwa Kauma, kwa Mtandire ndi kwa Mgona, ndipo pa Eid amabwera kuno kwathu.

Zimene Chisilamu chidatiphunzitsa kale

Ife Asilamu nkhani ya twahara si yachilendo. Timagwiritsa ntchito madzi tikachoka kuchimbudzi, ndipo timachita wudhu tisanaswali. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adaphunzitsa kuti munthu akadzuka kutulo ayambe wasambitsa manja ake katatu asanawalowetse m'chiwiya cha madzi. Taonani nzeru yake: madzi amathiridwa pamanja n'kugwera pansi, dzanja lakuda sililowa m'madzi a anthu onse. Achipatala lero akunena zomwezo, kuti tisambe ndi madzi oyenda.

Koma tinene zoona, abale. Ena mwa ife timati poti tachita istinjaa ndi wudhu, basi tatetezeka. Si choncho. Madzi akhoza kuoneka oyera, opanda fungo, koma muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Dzanja limene lagwira ntchito kuchimbudzi likufunika sopo. Wudhu ndi ibada ndipo ili ndi malo ake. Sopo amateteza thupi limene Allah adatisungitsa ngati amana. Zonse ziwiri tizichite.

Mpondagiya: chosambira choyenda ndi ntchito

Ntchito yomanga imasamukasamuka, choncho chosambira chake chikhale chonyamulika. Mpondagiya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kumudzi amagwira bwino ntchito ngakhale ku City Centre. Kapangidwe kake ndi aka:

1. Pezani chigubu choyera cha malita 5. Tenthani msomali n'kuboola kabowo kamodzi cham'mwamba, pansi pa kukamwa kwake.
2. Zikani mitengo iwiri yamphanda, kapena zidutswa za matabwa zotsala pantchito, n'kupingasa mtengo wina pamwamba, wodutsa pachogwirira cha chigubu.
3. Mangani chingwe kukhosi kwa chigubu, ndipo nsonga inayo muimange kukamtengo kopondapo. Mukaponda, chigubu chimapendekeka, madzi n'kutuluka osakhudza chilichonse ndi manja.
4. Boolani sopo, mumupachike ndi chingwe, mum'vindikire ndi botolo lodula kuti mvula isamusungunule.
5. Kumbani kadzenje pansi pake, muthiremo zidutswa za njerwa kuti pasachite matope.

Ngati anthu ndi ambiri, ndowa ya malita 20 yokhala ndi mpopi ndi chivindikiro ndiyo yabwino. Zosambira zikhale ziwiri, china pafupi ndi chimbudzi, china pamalo odyera. Sopo wamtanda akamasowasowa, sungunulani sopo waufa pang'ono m'botolo la madzi, muboole chitsekerero chake. Zikavutitsitsa, phulusa ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Tikhule m'manja pafupifupi masekondi 20, osaiwala m'zikhadabo ndi pakati pa zala. Izi zimathandizanso kuchotsa simenti yaiwisi, imene imawotcha khungu ndi kung'amba manja. Madzi akumwa akhale m'chigubu chawochawo, othira klorini kapena owiritsa.

Udindo ndi wa yani?

Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limafuna kuti olemba ntchito apereke madzi akumwa, zimbudzi ndi malo osambira. Choncho kupempha ndowa ndi sopo si mwano. Tikudziwa kuti waganyu amaopa kuyankhula, poti pageti pamakhala ena akudikira malo ake. Ndiye musapite nokha. Gwirizanani anthu angapo, mukaonane ndi a foromani mwaulemu, muwauze kuti mtengo wa ndowa sufika ngakhale pa thumba limodzi la simenti, pomwe munthu mmodzi akadwala kolera ntchito yonse ikhoza kuima. Akakana, sonkhani pang'onopang'ono mupange mpondagiya wanu. Nanunso abale athu amene Allah wakudalitsani ndipo mukumangitsa nyumba, amisiri anuwo ndi amana m'manja mwanu.

Wina akayamba kutsegula m'mimba pantchito, ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, ndipo athamangire naye kuchipatala chapafupi. Ku Old Town kuli chipatala cha Bwaila. Musadikire kuti mawa kuche.

Tikambirane pambuyo pa swala ya Ijumaa

Kodi padoko pathu, pamene timatumbula ndi kuyanika nsomba, pali chosambira cha madzi oyenda ndi sopo? Nanga pa sadaka ndi paukwati, tikusambabe m'beseni limodzi? Ndani mwa ana athu ali ku Lilongwe amene tingamuimbire sabata ino kumufotokozera za mpondagiya?

Tikupempha Allah ateteze ana athu kumene akusaka rizki, ndipo abwere kwawo ali amoyo ndi athanzi. Ameen.