Abwana akuti ndipereke pasiwedi yanga kwa mnzanga

Azakhali,

Ndine kalaliki pa kampani ina yomwe imagwira ntchito ndi alimi a fodya a pa kontirakiti kuno ku Kasungu, chakufupi ndi Lifupa. Laputopu imene ndimalembamo mayina a alimi, ngongole zawo za feteleza ndi mabelo imayang'aniridwa ndi akatswiri a ku likulu lathu ku Lilongwe. Ndikalemba pasiwedi, imafunanso nambala ina yomwe imabwera pa foni yanga, koma netiweki kuno njovuta, moti nthawi zina nambalayo imafika itatha kale ntchito. Tsopano abwana akuti ndipereke pasiwedi ndi simu khadi kwa mnzanga kuti azilowa ine ndikachokapo, makamaka msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa. Mnzangayu timapemphera mpingo umodzi, ndipo sindikufuna aziona ngati ndikumuyesa mbava. Nditani?

Wothedwa nzeru, Lifupa

Mayi okondedwa,

Musapereke. Pasiwedi ndi nambala yobwera pafoniyo ndi njira imene makina amadziwira kuti amene wakhala pa kompyutayo ndi inuyo. Kompyuta yoyang'aniridwa kuchokera kutali imasunga kaundula wa zonse zochitika: walowa ndani, nthawi yanji, wasintha chiyani. A ku Lilongwe saona nkhope ya munthu, amaona dzina lokha. Choncho ngongole ya mlimi ikasinthidwa, kaya belo likalembedwa m'dzina lolakwika, kaundula adzaloza inu ngakhale tsikulo munali ku maliro. Kupereka zinthu ziwirizi n'chimodzimodzi kudinda chala papepala losalembedwa n'kumusiyira wina kuti alembepo yekha. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilolezo cha pakamwa sichidzakhala ndi mboni zinthu zikadzavuta.

Mwina mukuti mnzanuyo ngokhulupirika. Angakhale wokhulupirikadi, koma nkhani sili pa khalidwe lake. Munthu woona mtima amalakwitsanso manambala, amataya foni, amapusitsidwa. Tonse tikudziwa za akamberembere amene amaimba foni n'kumadzitcha ogwira ntchito ku Airtel Money kapena TNM Mpamba pofuna kuti munthu awauze nambala yachinsinsi. Chinyengo chomwecho chimafikanso m'maofesi: wina amaimba n'kunena kuti ndi katswiri wa ku likulu, akukonza kompyuta yanu, mumuwerengere nambala yomwe yangolowa pafoni. Katswiri weniweni safuna nambala yanu chifukwa ali ndi khomo lakelake lolowera. Chinsinsi chikakhala ndi anthu awiri, wachinyengo amakhala ndi anthu awiri oti awayese. Kumbukiraninso kuti simu khadiyo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo mwina ndi yomweyo imene mumasungirapo ndalama. Ndiye kukana kwanu kukutetezanso mnzanuyo, chifukwa ndalama za alimi zikadzasokonekera, nonse awiri mudzakayikiridwa ndipo palibe adzathe kudziyeretsa.

Mwinanso mukudabwa kuti chitetezo chonsechi n'chachiyani pa kaofesi ka m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu. Kompyuta yanu ndi yolumikizana ndi makina a kampani yonse, ndipo wakuba akalowera pa inu akhoza kufika patali. Chaka cha 2024, mu February, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko n'kumafuna dipo, ndipo ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Ngati makina a boma anagwedezeka chotero, kampani imene ikusunga mayina, manambala a ziphaso ndi maakaunti a ku banki a alimi ili ndi chifukwa chokwanira chofunsira munthu kawiri asanalowe.

Komabe abwana anu sakunama: ntchito siingaime chifukwa choti inu mwapita ku chipatala, ndipo mlimi amene wabwera panjinga kuchokera kutali sangauzidwe kuti adikire netiweki. Mavuto awiriwa ali ndi mankhwala ake. Pa za mnzanuyo, pemphani a ku likulu amutsegulire akaunti yakeyake, yokhala ndi pasiwedi yake ndi foni yake; imeneyi ndi ntchito yaing'ono kwa iwo. Pa za netiweki, afunseni ngati angakuloleni kugwiritsa ntchito pulogalamu monga Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator m'malo mwa SMS. Pulogalamu yotere imapanga yokha nambala ya manambala 6 yomwe imasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo sidalira netiweki, bola nthawi ya pafoni ikhale yolondola. Kuiika koyamba ndiko kumafuna intaneti yabwino, ndiye mukhoza kukachitira pa boma pa Kasungu. Ngati foni yanu ndi ya mabatani, nenani poyera kuti kampani ione chochita. Funsaninso ngati amapereka manambala apadera ogwiritsa ntchito foni ikatayika, ndipo mukapatsidwa muwasunge pokhoma, kutali ndi laputopuyo.

Pokamba ndi abwana, pitani ndi yankho m'manja. Auzeni mwaulemu kuti mukufuna mnzanuyo azigwira ntchito momasuka, n'chifukwa chake mukupempha kuti alembere a ku likulu amutsegulire akaunti msika usanayambe. Pempholo mulitumizenso pa uthenga wolembedwa kuti pakhale umboni. Akaumirirabe, apempheni alembe lamulo lawolo n'kusaina, ndipo a ku Lilongwe alione. Mnzanuyo mumufotokozere nokha asanamve kwa ena, kuti adziwe kuti mukumufunira dzina lake m'makinamo. Ndipo nambala ikadzalowa pafoni panu inu musanayese kulowa, dziwani kuti wina ali ndi pasiwedi yanu: isintheni nthawi yomweyo n'kudziwitsa a ku likulu.

Azakhali