Phunziro la za Tizirombo Timene Tidwalitsa Bulugamu

Inu abale a ku Kasungu, ku Santhe ndi ku Chamama, mudziwa bwino kuti fodya ali ndi njala ya mitengo. Wa m'mabani sauma popanda moto woyaka usana ndi usiku pafupifupi sabata yonse, ndipo wa bale afuna mizati ndi mapaso a zigafa. Pamene mitondo ndi miombo inayamba kutha m'thengo, anthu anabzala bulugamu, pakuti akula msanga, ndipo mukamdula aphukanso. Koma tsopano mtengo umene tinaukhulupirira ulikudwala, ndipo tiyenera kuizindikira nthenda yace.

Kwao kwa bulugamu ndi ku Australia. Anafika kuno ngati mbeu cabe, nasiya adani ace kutsidya kwa nyanja. Cifukwa cace anakula zaka zambiri wopanda comsautsa, koma ciswe cokha. Tsono adaniwo amlondola, obisala m'mbande ndi m'masamba amene anthu anyamula m'zombo ndi m'ndege. Coipa ndi ici, kuti iwonso anasiya kwao zirombo zimene ziwadya, kotero kuti kuno aswana popanda cowaletsa.

Woyamba ndi kamavu kakuda, kocepa koposa njere ya mawere, kamene ophunzira akacha Leptocybe invasa. Kanaoneka ku Israel m'caka ca 2000, ku Uganda ndi ku Kenya mu 2002, ku South Africa mu 2007, ndipo kwathu kuno kanalowanso. Kamavu aka sikaluma munthu iai. Kaboola msempha wa tsamba lanthete, kapena kamtengo kace, nkuikiramo mazira. Pamenepo tsamba litupa timatuza tofiirira, ndipo m'katimo mphutsi idya nikula. Taonani codabwitsa: kakakazi kabala popanda kakamuna, motero kamodzi kokha kakwanira kuyambitsa mliri m'munda wonse. Mtengo waukulu upirira, koma mbande ndi mphukira za pa citsa zipindika nsonga ndi kupinimbira, ndipo mwini ayembekeza mizati yoongoka nalandira zokhota.

Pali ena awiri oyamwa madzi a m'masamba. Wina adzimangira kacipewa koyera pa tsamba, nasiya zomata zimene zida ngati mwaye. Wina afiiritsa masamba ngati awauka ndi moto, mpaka ayoyoka.

Nanga cifukwa ninji nthendayi ikula m'zaka za cilala? Dziko lonse lapansi lirikutentha koposa kale, cifukwa ca utsi wa malasha ndi mafuta ndi kuoca nkhalango, ndipo mvula yathu siisunganso nyengo yace monga anaidziwa makolo. Mukumbukira cilala ca 2016 ndi ca 2024, pamene boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28. Mtengo waludzu uli ngati munthu wanjala, nthenda yaing'ono imgwetsa. Ukayoyola masamba ulibe mphamvu yakuphukanso, ndipo ciswe citsiriza nchito. Kutentha kufulumizanso mazira a tizirombo kuswa, kuti mibadwo yao icuruke m'caka cimodzi.

Zotere sizinayambe lero. M'caka ca 1986 nsabwe ya m'mitengo yacilendo inaoneka m'Malawi, poyamba mu Africa monse, niumitsa mitengo ya saipuresi, nigwiranso mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Pambuyo pace inafika ku Tanzania ndi ku Kenya. Mankhwala opopera sanathe kufika m'nsonga za nkhalango. Cimene cinathandiza ndico kutenga ku Ulaya kamavu kena, Pauesia, kamene kaikira dzira m'thupi la nsabweyo, ndi kukamasula kuno m'zaka za m'ma 1990. Momwemonso ku South Africa mu 2012 anamasula mdani wa kamavu ka bulugamu, womtenga ku Australia komweko. Akatswiri a nkhalango a maiko a mu Africa anasonkhana ku Zomba mu 2004, napangana kucenjezana za zirombo zolowa.

Linganizani izi ndi matondo a m'thengo la Kasungu. Iwo adya masamba a mtondo mpaka mtengo ukhala mbee, koma uphukanso, pakuti mbalame, nyerere ndi ife tomwe tiwadya. Ine ndiyesa kuti tinalakwa pakuika mtima wonse pa mtengo umodzi wacilendo, ndi kuleka msangu, mthethe ndi mbawa.

Pogula mbande, tembenuzani masamba ndi kupenya misempha yace. Zamatuza muzikane, ngakhale zikhale zotsika mtengo. Musatenge mbande kapena nthambi zaziwisi ku dziko lina. Mphukira zodwala muzidule ndi kuzitentha tizirombo tisanaturuke. Bzalani mvula yoyamba itakhazikika, kuti mizu itsike cilimwe cisanafike, ndipo zitsa za mitondo m'mphepete mwa munda muzileke ziphuke. Mukaona nthenda imene simuidziwa, kulungani nthambi yace bwino m'pepala, mupite nayo kwa mlangizi wa za nkhalango.