Tijambule Mfumu Mataka

Ana inu, munaonapo mfumu pa tsiku la mwambo? Munaizindikira bwanji pakati pa anthu ambiri? Munaona zobvala zake. Munaona mpando wake.

Kale m'dziko lathu la Niassa munali mfumu yaikulu ya Ayao. Dzina lake linali Mataka. Mudzi wake unali Mwembe. Mu 1866 kunafika mlendo, David Livingstone. Iye analemba zimene anaona. Mudziwo unali ndi nyumba pafupifupi 1000. Mataka anali wa zaka ngati 60. Anali munthu wokonda nthabwala. Anabvala ngati Aluya a kugombe la nyanja ya mcere. Aluyawo ankabvala mkanjo wautali ndi kofiya.

Nsalu zimenezi zinkacokera kutali. Amalonda ankayenda pansi masiku ambiri mpaka ku Kilwa. Ankapita ndi minyanga ya njobvu, nabwera ndi nsalu ndi mikanda. Koma pali cinthu comvetsa cisoni. Ankagulitsanso anthu. Ana ena ngati inu anacotsedwa kwa amayi awo, osabwereranso.

Ife timadziwa Mataka m'mawu a agogo ndi a m'mabuku. Kutsidya kwa nyanja yomweyo, ku India, mafumu ena ankasunga anthu ojambula panyumba pawo. Awa anali mafumu a Rajput, a ku Udaipur, Jodhpur ndi Jaipur. Zithunzi zawo zina zatha zaka zoposa 300, ndipo zikalipo.

Wojambula ankapera miyala yofiira ndi yobiriwira kuti apeze utoto. Ankapakanso golide. Burashi yake inali ya ubweya wa gologolo! Mfumu ankaijambula itayang'ana kumbali, diso limodzi lokha likuoneka. Kumutu ili ndi nduwira. M'khosi muli mikanda. M'ciuno muli lamba ndi lupanga. Kuseri kwa mutu kuli cozungulira cowala ngati dzuwa. Nthawi zina ili pa kavalo, wanchito akuikupiza ndi lichowa. Lichowa timalidziwa ifenso, si conco?

Tsopano wojambula ndinu. Tengani pepala ndi pensulo. Ngati palibe, khala la moto ndi lokwanira. Jambulani Mataka atakhala pakhonde la nyumba yake. Musaiwale mkanjo. Kodi akuseka? Ndani waima pafupi naye?

Tiwerenge mokweza:
mfumu, mkanjo, mikanda, mpando
Mfumu yabvala mkanjo.
Mfumu yakhala pampando.

Tiyankhe:
Mudzi wa Mataka unali uti?
Nsalu zinkacokera kuti?
Burashi ya wojambula wa ku India inali ya ciani?

Kwa makolo: Madzulo ano muwerengereni mwana nkhaniyi pang'onopang'ono. Akafunsa za ana ogulitsidwa aja, musamuzembe. Muyankheni m'mawu amene angamve. Ngati kuno ku Lulimile kuli agogo pafupi, apite akawafunse kuti, "Agogo, mfumu ya kwanu inkabvala ciani?" Mawa abwere naco cithunzi cake kusukulu, pamodzi ndi dzina la mfumuyo.