Madzi Mukawapatutsa, Apita kwa Yani?

Amayi anzanga, nkhani ya madzi osefukira tiziikamba mu Okutobala, osadikira Januwale pamene khoma lanyowa kale. Chipata wazingidwa ndi mapiri. Mitengo ya m'mapirimo ikatha chifukwa cha nkhuni, makala ndi malo omangapo, madzi salowanso pansi. Amatsika ndi mchenga ndi miyala mpaka m'makomboni monga Nabvutika, kumene nyumba zambiri zinamangidwa popanda ngalande.

Nanga bwanji mabanja ena amakonzekera, ena ayi? Musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Wokhala nyumba ya lendi sangathire simenti pa khoma la mwini wake, ndipo mwiniyo kawirikawiri amagona kouma. Amene anamanga yakeyake nayenso ali pa mphambano, pakuti ndalama ya simenti ndi yomweyo ikufunika pa feteleza, mwezi womwewo. Kuiwala nakonso kumatipweteka. Chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuopa dzuwa, mantha a madzi n'kuchepa.

Komabe zina sizifuna ndalama zambiri. Kwezani chiundo cha pakhomo. Matani m'munsi mwa khoma la zidina zosawotcha, poti limayamba kugwa kuchokera pansi. Ufa, ma NRC ndi makadi a ana a ku kiliniki zikhale pamwamba, m'pulasitiki. Chimbudzi muchiyang'ane kawiri: chikasefukira, madzi ake amafika pa chitsime. Mukumbukira kuti kolera inachedwetsa kutsegula masukulu m'dziko lonse mpaka Febuluwale 2024.

Chimene ndifuna tiganizirepo kwambiri ndi ichi. Mukasanja matumba a mchenga pakhomo panu, madziwo sanathe ayi. Mwangowatumiza kwa amayi a kumunsi, mwina amasiye opanda wowakumbira ngalande. Ngalande ya nyumba imodzi imabala ndewu. Yothandiza ndi imene nyumba zonse za mzere umodzi zagwirizana poyambira ndi pothera, ndipo palibe wotayamo zinyalala. Kunena zoona, ambiri otaya ndife amayi, posesa m'mawa.

A DMMU, ofesi ya boma yoona za ngozi, ali ndi ntchito yawo, koma sangakumbe pakhomo pa aliyense. Ngalande zikuluzikulu pemphani kudzera kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wadi yanu, amene amapereka zopempha za ndalama za CDF.

Pa msonkhano wanu ukubwerawu, mayi aliyense atchule nyumba imene madzi a pakhomo pake amatsikirako. Kenaka mufunsane: kodi chilimba cha Okutobala sichingayambire kwa amene khoma lawo lili pangozi?