Nsagwada ikamawawa, musafulumire kuzula dzino

Anthu ambiri akamva kuwawa m'tsaya amaganiza dzino, ena amagula mankhwala odontheza m'khutu. Koma nthawi zina vuto limakhala pamfundo yolumikiza nsagwada ndi chigaza, patsogolo penipeni pa khutu, kapena m'minofu yotafunira. Zikatero, dzino labwinobwino likhoza kuzulidwa ululu n'kutsala pomwepo.

Yambani ndi kudziyeza nokha. Ikani chala chamkombaphala patsogolo pa khutu lililonse, mutsegule ndi kutseka pakamwa pang'onopang'ono. Mumva fupa likuyenda. Pamfundoyo pali kachichereche kamene kamatsetsereka limodzi ndi fupalo, ndipo kakasuntha pamalo pake mumamva kuti "tha". Phokoso lokhalo, popanda ululu, silifuna mankhwala. Kenako imikani zala zitatu pakati pa mano akutsogolo: munthu wamkulu amayasama mamilimita 40 kapena kupitirirapo, ndipo zitatuzo zimalowa. Lumani mano, mukanikize minofu imene yatumphuka m'masaya ndi m'mbali mwa mphumi. Ngati ululu womwe mumaudziwa wabwera pokanikizapo, vuto lili m'minofu. Dzino lobooka limadziulula mwa njira ina, limanyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha.

Mukapeza kuti ndi nsagwada, ipumitseni milungu iwiri. Apa ndiye povuta, chifukwa pamsika wa Kaunda Square zokopa zonse n'zolimba: chimanga chowotcha, mzimbe, chinangwa ndi nsawawa zokazinga, nyama ya michopo. Zisiyeni kaye, pamodzi ndi chingamu. Idyani nsima yofewa ndi delele, mazira, nyemba zopsa bwino, phala, nthochi, ndipo muzitafunira mbali zonse ziwiri. Poyasamula gwirizani chibwano ndi dzanja. Nyikani kansalu m'madzi ofunda, muthowe tsayalo mphindi 15 kawiri kapena katatu patsiku, kenako musisite minofu mozunguliza.

Chimene ndimaona kuti chimathandiza kuposa zonse n'chaulere, koma chimaiwalika. Munthu akapuma, mano akumwamba ndi akumunsi sayenera kugundana. Milomo itsekeke, lilime likhale kumwamba kuseri kwa mano, manowo atalikirane pang'ono. Dziyang'anireni muli m'basi pa mdipiti wa pa Great East Road, kapena mukuwerengera ndalama za lendi: mupeza kuti mwaluma mano osadziwa. Nkhawa imathera m'nsagwada. Funsaninso amene mumagona nawo chipinda chimodzi ngati mumakukuta mano usiku, makamaka mukamadzuka masaya ali olema ndiponso mutu ukuwawa. Dokotala wa mano angakupangireni kapulasitiki kovala pogona.

Paracetamol amathandiza. Ibuprofen amathandizanso kwa masiku ochepa mutadya kaye, koma osati kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena amayi oyembekezera. Amoxicillin wongogula popanda kulemberedwa sachita kanthu pa minofu yotopa.

Pali ululu wina umene suthoweredwa kunyumba. Ukamabwera ngati shoko ya magetsi mbali imodzi ya nkhope, kwa masekondi ochepa, mukangosamba kumaso kapena kutsuka mano, ukhoza kukhala wa mtsempha wa ubongo wotchedwa trigeminal. Mankhwala wamba a ululu saugwira. Madokotala amalemba carbamazepine.

Mukaona zotsatirazi pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Pansi pa chibwano patupa, thupi latentha, kumeza kapena kupuma kukuvuta: mafinya a dzino akhoza kutseka njira ya mpweya. Nsagwada yauma patapita masiku mutabayidwa ndi msomali kapena kuchekeka: akhoza kukhala kafumbata. Pakamwa pakanika kutsekeka mutayasamula: fupa laguluka, musalibwezere mwamphamvu nokha. Nsagwada ikuwawa pamodzi ndi chifuwa kapena mkono wakumanzere, thukuta likutuluka: umenewo ukhoza kukhala mtima.

Ngati palibe zoopsazi koma milungu iwiri yatha osasintha, yambirani pakiliniki ya Kaunda Square kapena ya Chelstone, akulembereni kalata yopita kuchipatala cha Levy Mwanawasa, pafupi ndi Chainama, kapena cha UTH. Ngati munalembetsa ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA tengani zikalata zake. Kafotokozeni nthawi imene ululu umakula, m'mawa kapena mukatafuna, zala zingati zikulowa m'kamwa, ndi mankhwala onse amene mwamwa kale. Wina akanena zozula dzino, pemphani akuonetseni kaye chimene chalakwika padzinolo, pooneka ndi maso kapena pa X-ray.