Tizilombo Timene Timaŵerengana

M'NYANJA zamchere muli mabakiteriya amene amazindikira kuchuluka kwa anzawo. Amatulutsira timankhwala m'madzi, ndipo amayamwanso totuluka mwa anzawo. Timankhwalato tikachuluka, onsewo amasintha zochita panthaŵi imodzi. Mu 1970, asayansi a pa Harvard University anaona zimenezi mwa mabakiteriya amene amayamba kuŵala pokhapokha atachuluka.

2 Kodi zimenezi zimakhudza motani anthu okhala kutali ndi nyanja, onga a ku Mutare, Zimbabwe? Tizilombo ta kolera, timene kwawo ndi m'madzi a m'mphepete mwa nyanja, timaŵerengananso. Tikachuluka m'matumbo a munthu, timaleka kumamatira ndi kutuluka ndi chimbudzi, chimene chingaipitse madzi akumwa. Mliri wa mu 2008 ndi 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo unafika ku Mutare komwe.

3 Chilamulo cha Mose chinauza Aisrayeli kufotsera chimbudzi kunja kwa msasa. (Deuteronomo 23:12, 13) Chotero Mkristu amene amasamba m'manja ndi sopo ndi kuŵiritsa madzi okayikitsa amalemekeza Mpatsi wa moyo, natetezera mnansi wake.

Kodi ukhondo umasonyeza motani chikondi kwa mnansi?